Ndege yolemera kumchira imauluka kamodzi kokha

Tchuthi chathachi ndinakhalira kwa achemwali anga ku Mulunguzi. Mwana wawo wamwamuna, yemwe ali mu Sitandade 7, anandiumiriza kuti tipange ndege. Za mawaya zoyendetsa pansi zija anati n'za ana, iye ankafuna youluka. Tinapeza chiwale, fomu yochokera m'katoni ya filiji, kamota ka m'chidole china chakufa ndi batire la foni yakale. Mapiko tinawajambula motengera chithunzi cha Spitfire chimene anachiona pafoni yanga. Titamaliza tinapita pamalo ena otsetsereka, ndipo iye anaiponya. Inadzutsa mphuno, inaima m'malere ngati ikuganiza, kenako inabwerera chamchira n'kudzimenyetsa pansi.

"Ankolo, injini yachepa," anatero.

Ine ndinavomereza. Tinasaka mota yokulirapo, ndipo popeza inkafuna batire lalikulu lomwe silikanakwana kutsogolo, tinalimangirira kumbuyo kwa mapiko. Ulendo wachiwiri unali waufupi kuposa woyamba, ndipo phiko limodzi linathyoka.

Nditabwerera kusukulu ndinayamba kuwerenga za nkhaniyi, poyamba chifukwa cha manyazi chabe. Ndinapeza kuti maganizo athu aja, oti ndege ikakana kuuluka ndiye kuti mphamvu yachepa, anagwetsapo anthu ophunzira kwambiri amene anali ndi ndalama za boma m'manja. Ndinapezanso kuti kunja kuno kuli anthu amene moyo wawo wonse amathera pa funso lomweli. Amapanga tindege totengera ndege za nkhondo zakale, timene sitikhala tating'ono kwenikweni: mapiko ake amatambasuka mamita awiri kapena atatu, injini yake imamwa petulo, ndipo amatiwongolera ndi rimoti ataima pansi. Mbiri yawo ndi imene ndikufuna tikambirane, chifukwa ikutikhudza kuno ku Zomba kuposa mmene ndinkaganizira.

Zimene amayi a nkhuni amadziwa kale

Amene mumakhala ku Mulunguzi mumawaona m'mawa uliwonse amayi akutsika m'phiri atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo. Mayi akangotukula mtolo sayamba kuyenda nthawi yomweyo. Amausuntha pang'onopang'ono pankhata, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mpaka ataupezera malo pomwe ukukhazikika wokha. Malo amenewo ndi pomwe kulemera konse kwa mtolo kumakumana. Akawaphonya, ngakhale akhale ndi khosi lamphamvu chotani, mtolo umam'gwetsa asanafike ndi pamsewu pomwe.

Ndege nayo ili ndi malo oterowo, amene okonza ndege amangowatchula kuti CG. Kusiyana kwake n'koti nkhata ya ndege ndi mpweya umene umanyamula mapiko. Pa ndege zambiri malowa amayenera kukhala cha kutsogolo kwa phiko, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kupingasa kwake. Ngati phiko ndi lopingasa masentimita 40, ndege iyenera kukhazikika mukaiika pazala pamtunda wa masentimita 10 mpaka 12 kuchokera kumilomo yakutsogolo kwa phikolo. Kulemera kukapita kutsogolo kwambiri, ndege imavuta kudzuka ndipo imatera mothamanga, komabe imamvera. Kukapita kumbuyo, mchira umalephera ntchito yake yobweza mphuno m'malo mwake. Kamphepo kakang'ono kakadzutsa mphuno, mphunoyo imangopitirira kudzuka mpaka mapiko ataleka kunyamula. N'chifukwa chake anthu a masewerawa amakonda kunena kuti ndege yolemera kumphuno imauluka movutikira, pamene yolemera kumchira imauluka kamodzi kokha. Yathu ija, ndi batire lake kumbuyo, inali ya mtundu wachiwiriwu.

Zidole zinatsogola, ndege zenizeni zinatsatira

Tinazolowera kuganiza kuti chidole chimatengera chinthu chenicheni. Pa nkhani ya ndege zinayenda mosemphana. Mu 1804 Mngelezi wina, George Cayley, anapanga kandege kopanda injini: ndodo, phiko longa kaiti, mchira wotha kusunthidwa, ndi kachitsulo kolemera kamene ankakasuntha pofuna kusintha pomwe kulemera kukukumana. Kunali kutatsala zaka pafupifupi 100 kuti munthu auluke ndi injini, koma Cayley anali ataona kale kuti funso loyamba ndi la kukhazikika.

Mu August 1871, ku Paris, Alphonse Pénaud anaulutsa kandege koyendera mphira wopota. Kanauluka mamita 40 m'masekondi 11 anthu akuonerera, ndipo chodabwitsa sichinali mtunda koma kuti kankadziwongola kokha chifukwa cha mmene anaikira mchira. Patapita zaka 7, ku America, m'busa wina dzina lake Milton Wright anagulira ana ake kachidole kouluka kotengera luso la Pénaud yemweyo. Anawo anali Wilbur ndi Orville.

Amene amandikumbutsa za ife ku Mulunguzi ndi Samuel Langley, mkulu wa bungwe la Smithsonian ku Washington. Pa 6 May 1896 ndege yake yaing'ono yoyendera nthunzi, yopanda munthu, inauluka pafupifupi kilomita imodzi pamwamba pa mtsinje wa Potomac. Boma la America, kudzera kunthambi ya nkhondo, linam'patsa madola 50,000 kuti apange yaikulu yonyamula munthu. Langley ankakhulupirira kuti chatsala n'kungokuza zonse ndi kupeza injini yamphamvu. Injiniyo anaipezadi, ya mahosipawa 52, yabwino kwambiri pa nthawiyo. Koma pa 7 October 1903 ndege yake inagwera mumtsinje itangonyamuka, ndipo pa 8 December inathyoka n'kugweranso momwemo, woyendetsa wake Charles Manly n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Patangotha masiku 9, pa 17 December, ana a m'busa aja, amene ntchito yawo inali yokonza njinga, anauluka ndi injini ya mahosipawa 12 okha. Iwo anali atatha zaka akuphunzira kuwongolera ndege zopanda injini, ndipo za mphamvu anaziganizira pomaliza.

Cholakwa china cha Langley chinali kuganiza kuti chimene chagwira ntchito chili chaching'ono chidzagwiranso chikakula. Galileo anali atalemba kale mu 1638 kuti sizitero. Chinthu mukachikuza kanayi mbali zonse, kufalikira kwa thupi lake kumakula ka 16 koma kulemera kumakula ka 64. N'chifukwa chake nyerere imanyamula katundu woiposa pamene njovu singadumphe ngalande. Lamulo lomweli limavutitsanso amene amachita zosemphana ndi Langley, ochepetsa ndege yaikulu kuti ikhale yaing'ono.

Mmene chidole chinalowera usilikali

M'zaka za m'ma 1930 zinthu ziwiri zinakumana: tiinjini tating'ono ta petulo ndi wailesi. Mapasa awiri a ku Michigan, Walter ndi William Good, anapanga ndege yowongoleredwa ndi wailesi yotchedwa Guff, yomwe inapambana mipikisano kumapeto kwa zaka zimenezo ndipo lero imasungidwa ku Smithsonian komwe kuja. Asilikali sanachedwe kuona phindu. Ku Britain, mu 1935, anayamba kugwiritsa ntchito ndege yopanda munthu yotchedwa Queen Bee pophunzitsa asilikali kuombera ndege za adani, ndipo ambiri amati dzina loti drone linachokera pamenepo. Ku America, katswiri wa mafilimu Reginald Denny, amene anali ndi sitolo yogulitsa tindege tamasewera ku Hollywood, anayambitsa kampani ya Radioplane. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kampaniyi inapangira asilikali tindege pafupifupi 15,000 toti aziphunzirira kuombera. Mmodzi mwa atsikana ogwira ntchito pafakitale yake mu 1944 anali Norma Jeane Dougherty, amene dziko linadzam'dziwa ndi dzina loti Marilyn Monroe.

Nkhondo itatha, anyamata ambiri amene anakhala zaka akuona Spitfire, Mustang ndi Zero m'mwamba anabwerera kwawo n'kuyamba kupanga tindege totengera ndege zomwezo. Kwa zaka zambiri tinali tating'ono chifukwa injini zake zinali zazing'ono. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970 pamene ku Canada anatenga injini ya makina ochekera mitengo n'kuisintha kuti izizunguza pulopela. Injiniyo, yotchedwa Quadra, inali ya 35cc. Ndi mtundu womwewo wa injini umene timaumva ukulira m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri la Zomba. Kuchokera pamenepo kunabadwa ndege zikuluzikulu zamasewera, zimene ku America anagwirizana kuti zikhale za mapiko osachepera mainchesi 80, omwe ndi mamita awiri ndi pang'ono, kapena zokula gawo limodzi mwa magawo anayi a ndege yeniyeni.

Chifukwa chake za nkhondo ndizo zimavuta

Ndege zamasewera wamba amazipanga m'maonekedwe alionse amene angauluke bwino. Wotengera ndege ya nkhondo alibe ufulu umenewo, chifukwa cholinga chake n'choti ifanane ndi yeniyeni. Apa m'pamene pagona vuto.

Ndege za nkhondo za nthawi imeneyo zinali ndi injini zolemera kwambiri poyerekeza ndi thupi lonse. Pofuna kuti zikhazikike, okonza ankafupikitsa mphuno n'kutalikitsa mchira. Taonani chithunzi cha Sopwith Camel ya mu 1917 kapena Zero ya ku Japan, muona kuti mphuno yake ndi yaifupi ngati ya nkhumba. Mukaichepetsa, maonekedwe amakhala omwewo koma injini yaing'onoyo imapepuka kuposa mmene yeniyeni inkalemerera pa thupi lake. Zotsatira zake, pafupifupi ndege iliyonse yotere imamalizidwa ili yolemera kumchira.

Masamu ake ndi a pa sikelo ya kumsika. Tiyerekeze kuti mchira uli masentimita 120 kumbuyo kwa CG, ndipo malo okhawo oikapo cholemera kumphuno ali masentimita 30 kutsogolo kwake. Magalamu 100 owonjezera kumchira, kaya ndi penti wokhuthala kapena kagudumu kokongola, amafuna magalamu 400 kumphuno. Ndege yalemera ndi theka la kilogalamu chifukwa cha kukongoletsa kumene wopangayo sanakuwerengere. Ndipo ndege ikalemera imafuna liwiro lalikulu kuti isagwe, makamaka potera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lamulo la Galileo lija limabweranso apa. Spitfire yeniyeni inali ndi mapiko otambasuka mamita 11.2 ndipo itanyamula zonse inkalemera pafupifupi matani atatu. Yochepetsedwa kanayi imakhala ndi mapiko a mamita 2.8, ndipo mukagawa kulemera kuja ndi 64 mupeza makilogalamu oposa 40. Koma opanga amayesetsa kuti isapitirire makilogalamu 25, mbali ina chifukwa m'maiko ambiri malamulo amakhwima ndege ikadutsa pamenepo, mbali ina chifukwa phiko laling'ono silinyamula bwino ngati lalikulu.

Musaganize kuti vutoli ndi la zidole zokha. P-51 Mustang itaikidwa thanki yowonjezera ya magaloni 85 kumbuyo kwa woyendetsa kuti izitha kuperekeza ndege zoponya mabomba mpaka ku Germany, inkavuta kuiwongolera thankiyo ikakhala yodzaza, moti oyendetsa ankalangizidwa kuyamba kugwiritsa ntchito mafuta a m'menemo asanakumane ndi adani. P-39 Airacobra inali ndi injini kumbuyo kwa woyendetsa ndi mfuti yaikulu kumphuno. Zipolopolo zikatha mphuno inkapepuka, ndipo ndegeyo inkatha kuyamba kuzungulira ikugwa mosawongoleka. Anyamata a msinkhu wathu anafa chifukwa cha masentimita ochepa.

Kusankha injini

Poona zonsezi, kusankha injini kumasiya kukhala funso loti yamphamvu kwambiri ndi iti. Wopanga amafunsa mafunso angapo nthawi imodzi. Kodi ikwana m'chivundikiro cha kumphuno popanda kuboola maonekedwe? Kodi mpweya woiziziritsa ulowera pati ndipo utulukira pati, poti mphuno yosongoka ya Spitfire siilola mphepo yambiri? Kodi izunguza pulopela yaikulu mokwanira kuti nsonga zake zituluke kunja kwa mphuno yotakata ya Corsair? Ndipo ikulemera bwanji?

Pa funso lomalizali yankho limadabwitsa. Ndege ya mapiko a mamita awiri ndi pang'ono, yolemera makilogalamu 10 kapena 12, kawirikawiri imafuna injini ya 50cc mpaka 60cc, pafupifupi theka la injini ya njinga yamoto ya kabaza. Pali injini zamakono zopepuka, monga za kampani ya Desert Aircraft ya ku Arizona, ndipo pali zachikale zolemera, monga Zenoah ya ku Japan. Munthu wosadziwa angathamangire yopepukayo. Koma pa ndege ya mphuno yaifupi ambiri amasankha dala yolemerayo, poti ndi bwino kunyamula chitsulo chogwira ntchito kusiyana ndi kumata mtovu wongokhala. Pa chifukwa chomwecho amakankhira mabatire ndi zipangizo zina zonse kutsogolo mmene angathere asanaganize zowonjezera mtovu.

Poyeza, ndege zazikuluzi sizikhala pazala. Amaika sikelo pansi pa gudumu lililonse n'kuwerengera pomwe kulemera kukukumana. Amayeza thanki ili yopanda mafuta, chifukwa ngati thankiyo ili kutsogolo, nthawi yoopsa ndi yotera, mafuta atatha ndipo mphuno itapepuka. Amaonanso ngati phiko lina silikulemera kuposa linzake, komanso ngati mbali ziwiri za pulopela zikufanana, popeza pulopela yopendekera imanjenjemeretsa ndege mpaka zomangira kumasuka.

Palinso china chimene ife a ku Zomba tiyenera kuchidziwa. Injini ya petulo imapuma mpweya, ndipo mpweya umachepa mphamvu munthu akamakwera. Pa mamita 300 alionse injini imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu zake. Tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita 900 ndi kanthu kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo pamwamba pa phiri ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ndiye kuti injini imene buku la ku Japan likuti ndi yokwanira imafika m'tauni muno itataya kale gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo kuphiri imataya lochulukirapo. Mapiko ndi pulopela nazo zimagwira mpweya wochepa. Kukatentha mu October zinthu zimaipiraipira. Malangizo olembedwera kwina safika kuno ali athunthu, pamafunika wina wodziwa kuwawerengeranso.

Amene anaonetsa bwino kuti kuwerengera kumaposa mphamvu ndi Maynard Hill wa ku America. Mu August 2003, ali ndi zaka 77 ndipo maso atafooka kwambiri, anaulutsa ndege ya makilogalamu 5 okha kuchokera ku Newfoundland m'dziko la Canada mpaka ku Ireland. Inauluka makilomita oposa 3,000 m'maola pafupifupi 39, ndi kainjini ka 10cc ndi mafuta osakwana malita anayi. Zinayi zimene anayamba kuzitumiza zinatayika, yachisanu ndiyo inafika.

Nanga zikutikhudza bwanji kuno?

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza. Awa ndi masewera a anthu okhuta. Injini imodzi yokha mtengo wake ndi madola mazana angapo, ndalama yoposa fizi ya semesita. M'dziko limene mafuta a galimoto timawafolera, ndani angathire petulo m'chidole? Ndipo n'chifukwa chiyani tizisirira zida zimene zinapangidwira kupha anthu?

Funso lachiwirili ndi lolemera kwa ife, chifukwa ndege za nkhondo tinayamba kuzidziwa tili pansi pake. Boma la atsamunda, lomwe likulu lake linali konkuno ku Zomba, litalengeza za ngozi pa 3 March 1959, ndege za asilikali a ku Rhodesia zinkauluka pamwamba pa midzi ya Nyasaland kuopseza anthu ndi kumwaza timapepala, ndipo Dr. Kamuzu Banda anam'tengera kundende ya ku Gwelo pandege. Kwa agogo athu ndege inali chinthu cha eni ake, chobwera kuchokera kumwamba, chosafunsidwa mafunso. Sindikupempha kuti tizipenta zizindikiro za asilikali a ku Ulaya pa zidole zathu. Ndikuti luso lopangitsa chinthu kuuluka lilibe mwini, ndipo ife tinachedwa kulitenga.

Titalandira ufulu, nthambi ya ndege ya asilikali athu inakhazikitsidwa mu 1976 mothandizidwa ndi dziko la Germany, ndipo ndege zake zambiri zinali za kampani ya Dornier. Bwalo lake lili konkuno, kupitirira Matawale, malo amene tonse timangowatchula kuti ku Airwing. Komabe ndi angati mwa ife, ngakhale ophunzira a payunivesite, amene tingafotokoze chimene chimaisunga ndege m'mwamba? Pa 10 June 2024 ndege ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Akatswiri ofufuza anachokera ku Germany, ndipo zimene analemba zinakhudza kwambiri nyengo yoipa ndi kuuluka motsika, osati za kulemera zimene ndakambazi. Chimene ndinaona ine m'masiku amenewo n'choti ambirife tinalibe poyambira poyeza zimene tinkamva. Lipoti linatuluka, koma owerenga n'kulimvetsa anali ochepa, ndipo malo otsalawo anadzaza ndi mauthenga a pa WhatsApp. Mtundu umene sudziwa mmene makina ake amagwirira ntchito umangosankha woti um'khulupirire.

Funso la ndalama lija linayankhidwa kale ku Kasungu. Mu March 2016 bungwe la UNICEF linayesa kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV pa drone mumzinda wa Lilongwe. Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako ma drone othandiza anthu, lozungulira bwalo la ndege la Kasungu pamtunda wa makilomita 40 mbali zonse. Kumapeto kwa chaka chomwecho, ophunzira a ku Malawi, motsogozedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Virginia Tech, anapanga ndi manja awo kandege kotchedwa EcoSoar, ka thupi la fomu, ndipo kanauluka kokha makilomita 19. Mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo ntchito yake inadzalumikizidwa ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo. M'maboma a Nsanje ndi Chikwawa, kumene misewu imaduka mvula ikagwa, ma drone akhala akunyamula mankhwala kupita kuzipatala zing'onozing'ono. Tindege tonseti ndi zidzukulu za Guff ya mapasa aja. Timayendera mota za magetsi m'malo mwa petulo, koma funso silinasinthe: batire likhale pati, katundu akhale pati, mota ikhale yaikulu bwanji. Bokosi la mankhwala likachotsedwa, kodi kandegeko kakhazikikabe pobwerera? Ndi funso lomwe lija la P-39 itatha zipolopolo.

Tisadzinamize kuti mbali ya nkhondo inatha. Ku Ukraine ndi ku Sudan ma drone opangidwa ndi zipangizo zogulidwa m'sitolo zamasewera akupha anthu lero lino. Luso lake ndi limodzi, ndipo dziko limene achinyamata ake sakulidziwa silipulumuka ku zoopsa zake, limangokhala logula ndi lomvera.

Chidwi tili nacho, palibe angakane. William Kamkwamba anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ku Wimbe atawerenga buku la mulaibulale. Mu 2016 nyuzipepala zinalemba za bambo wina wa m'mudzi wa kumpoto kwa Lilongwe amene ankapanga helikopita ndi injini ya njinga yamoto ya 125cc. Anthu ena anam'seka, ena anam'tama, koma chimene ankasowa sichinali kusekedwa kapena kutamidwa. Ankasowa munthu womuonetsa masamu a kulemera ndi mphamvu, ndi mwayi woyamba ndi kanthu kakang'ono kamene kakagwa sikapha munthu. Phindu lenileni la chidole ndi limenelo: chimakulola kulakwitsa motchipa. Cayley, Pénaud ndi ana a Wright onse anadzera njira imeneyo.

Ine ndimaphunzira za mbiri ndi chikhalidwe, osati uinjiniya, ndipo sindikuyembekeza kudzapanga ndege. Koma ndikuona kuti m'sukulu zathu za sekondale muli makalabu a zisudzo, a mtsutso, a zachilengedwe, ndipo palibe chimene chingaletse kalabu yopanga tindege ta chiwale ndi fomu. Sipafunika injini ya madola. Pafunika mpeni, guluu, rula, ndi mphunzitsi wolola ana kuponya, kuona, kusuntha cholemera ndi kuponyanso. Ophunzira a sayansi a payunivesite pano akhoza kumachita zimenezi Loweruka m'sukulu za ku Matawale, Chikanda kapena Chinamwali. Ife a mbiri tikhoza kubwera ndi nkhani ya Langley, kuti anawo adziwe kuti ngakhale ndege ya pulofesa inagwera mumtsinje.

Nditapitanso ku Mulunguzi mwezi wathawu, tinalumikiza phiko lija ndi guluu. Mota ndi batire tinazichotsa zonse. Ndinamuuza mnyamata uja kuti aike ndegeyo pazala ziwiri pansi pa mapiko, ndipo mchira unagwa pansi nthawi yomweyo. Tinayamba kubaya misomali kumphuno, umodziumodzi, mpaka pa wachinayi pamene inakhazikika, mphuno itaweramira pansi pang'ono. Anaiponya pamalo omwe aja. Inatsetsereka mumpweya mwakachetechete mpaka kukatera m'munda wa chimanga wa aneba, mtunda wa mapazi ngati 20.

Anathamanga kukaitola, ndipo pobwera anali akuwerengera kale. "Ankolo, tikachotsa misomali iwiri n'kuika mota yaing'ono ija pamalo pake, sikhala chimodzimodzi?"

Ndinamuuza kuti tipeze kaye sikelo.